Mmene mungayendetsere mpikisano wopereka zida za ma developer kuno ku Zomba

Ngati muli ndi kagulu ka anthu olemba khodi kuno ku Zomba, kaya ndi gulupu ya pa WhatsApp ya ana a Computer Science ku Chanco kapena ndinu ochepa chabe amene mumakumana Loweruka masana kuphunzitsana zida zopangira ma website ndi ma app monga Laravel ndi Flutter, tsiku lina ganizo lopanga mpikisano wopereka mphoto limabwera ndithu, mwina wina wakupatsani layisensi yaulere kapena mwangofuna kuti tsamba lanu lidziwike. Ine ndimazikonda kwambiri zimenezi chifukwa chida chimodzi chikafika mmanja oyenera chimasintha ntchito ya munthu, koma mpikisano wotere umawonongeka msanga pa zinthu ziwiri basi, mphoto imene wowinayo sangathe kuigwiritsa ntchito, ndi maere amene anthu sanawaone ndi maso awo. Za ma poster okongola ndi ma hashtag zija ndi zazing'ono.

Tiyambe ndi mphoto chifukwa ambiri amaphonya pomwepa. Munthu amaona mipikisano ya kunja akupereka subscription ya mwezi umodzi ya chida china chake cha pa cloud ndiye amangokopera, osaganiza kuti mnyamata wa ku Chikanda amene wawinayo akangofika pa tsamba lolembetsa amufunsa khadi ya Visa, ndipo ngakhale atakhala nayo nkhani ya forex mdziko muno mukuidziwa nonse, kulipira chinthu cha madola pa intaneti si nkhani yongodzuka nkuchita. Mapeto ake mphoto ija imangokhala mu email mpaka kutha ntchito. Ndiye musanalengeze kalikonse iyeseni nokha mphotoyo ngati kuti wowina ndinuyo, tsegulani linki yake, onani ngati Malawi ilipo pa mndandanda wa mayiko, onani ngati akufuna khadi ngakhale pa zaulerezo, onaninso tsiku limene kuponiyo ithe mphamvu.

Komanso musapereke chinthu choti anthu anu atha kuchipeza ulere kale. Wophunzira atha kupempha GitHub Student Developer Pack osalipira kanthu, JetBrains nayo imapereka layisensi yaulere kwa ophunzira ya zida zake monga PyCharm, IntelliJ IDEA ndi PhpStorm bola munthu atsimikize kuti alidi pa sukulu, VS Code ndi yaulere kwa aliyense, ndipo kuyambira mu 2024 WebStorm ndi Rider zinakhala zaulere kwa amene sakuzigwiritsa ntchito pa bizinesi. Ndiye ngati gulu lanu ndi la ana a sukulu okhaokha, kuwapatsa layisensi ya PyCharm ngati mphoto yaikulu sikuwathandiza kwenikweni, bola mukhale nawo masana amodzi muwathandize kulembetsa zaulerezo aliyense apeze yake. Layisensi yolipira imagwira mtima kwa uja anamaliza sukulu, ali ku Matawale kapena ku Chinamwali akupangira anthu ma system a masukulu, a ma SACCO, a mashopu ndipo akulandirapo kangachepe, chifukwa ya ophunzira ija siilola ntchito yolipidwa ndipo imatha munthu akachoka pa sukulu.

Nanga chimene chimathandizadi kuno ndi chani? Kayang'aneni laputopu ya mwana wa chaka chachiwiri akamatsegula Android Studio, pulogalamu yopangira ma app a Android. Ili ndi RAM ya 4GB ndi hard drive yakale ija yozungulira, akadina Run, Gradle imene imamanga app ija imayamba kuzungulira, fani kulira, iye kupita kukatunga madzi kubwera ikadali pomwepo, emulator, foni yoyeserera ya mu kompyuta, ndiye osayerekeza nkomwe, amangolumikiza foni yake ndi kachingwe koti ukangokagwedeza kadula. Munthu ameneyu mukamupatsa SSD, chosungira mafayilo chachangu kuposa hard drive, ya 256GB kapena RAM yowonjezera mwamusinthira semester yonse. Power bank yabwino nayo ndi mphoto yeniyeni chifukwa magetsi akazima hotspot ya pa foni ndiyo imayamba kufa. Bandulo ya mwezi wathunthu ya Airtel kapena TNM, domain ndi hosting ya chaka chimodzi kuti munthu aike portfolio yake, ka Arduino kapena Raspberry Pi kwa okonda zamawaya, kapena kumulipirira akaunti ya Google Play imene ndi $25 yolipira kamodzi kokha kuti app yake ituluke mu laputopu ifike kwa anthu, zonsezi ndi zida za developer ngakhale sizimveka zapamwamba ukamazilemba pa poster.

Pa RAM samalani, musagule kaye. Laputopu zina zimadya DDR3 zina DDR4, zina zili ndi malo amodzi okha oikapo, zina RAM yake ndi yowotcherera pa board yosachotseka. Lembani kuti mphoto ndi RAM yoyenera laputopu ya wowina kufika pa 8GB, kapena SSD ngati RAM singatheke, ndalama yake muisunge pambali, mukagule mutaona makinawo. Pa Google Play napo akaunti itsegulidwe mu dzina la wowinayo ndi chiphaso chake chifukwa Google imafuna kutsimikiza kuti munthuyo ndi ndani, inu mungokhala naye pafupi nkulipira. Mukatsegula mu dzina lanu nkumupatsa password ndiye kuti app yake ili mmanja mwanu, ndipo tsiku lina zidzakuyambanitsani.

Za pulogalamu zokiraka musayese nkomwe, ngakhale wina akuuzeni kuti ali ndi key yogwira ntchito. Kupereka chinthu chobedwa ngati mphoto kumachotsa ulemu wa gulu lonse, ndipo zambiri mwa izo zimabwera ndi ma virus. Chimodzimodzi kugawana akaunti yanu yolipira ndi wowina, layisensi ya munthu mmodzi ndi ya munthu mmodzi.

Kopeza mphoto kulipo ngati simuchita manyazi kupempha. JetBrains ili ndi ndondomeko yothandiza magulu a ma developer amene amakumana pafupipafupi ndipo imapereka ma layisensi oti achitire maere pa misonkhano yawo, koma amafuna kuona kuti gululo lilipodi ndiye muzisunga zithunzi ndi mbiri ya mikumano yanu. Akuluakulu amene anaphunzira pa Chirunga, ku Chanco konkuja, pano ali pa ntchito ku Blantyre ndi ku Lilongwe ambiri sakana ukawapempha chinthu chodziwika mtengo, osati kungoti tithandizeni, koma kuti bwana tikufuna SSD imodzi yoti tipereke pa mpikisano wa pa 30, dzina lanu tilitchula ngati mukufuna. A mashopu ogulitsa ndi kukonza makompyuta mtauni muno nawonso atha kuperekapo mouse kapena keyboard posinthana ndi kuwalengeza. Chachikulu nchakuti mphoto ikhale mmanja mwanu kapena ndalama yake ikhale mu akaunti musanatulutse poster. Lonjezo la pakamwa si mphoto, sponsor akadzasowa pa tsiku lomaliza anthu sakamufunsa iyeyo, adzafunsa inuyo.

Tsopano malamulo. Alembeni pa malo amodzi, mu Chichewa ndi mu Chingerezi, aafupi oti munthu awerenge pa foni osatopa, ndipo mukawatulutsa musawasinthenso pakati pa ulendo. Anene kuti ndani angalowe, a ku Zomba okha kapena dziko lonse, ophunzira okha kapena aliyense, anene tsiku ndi ola lotsekera osati kungoti Lachisanu koma Lachisanu pa 30 nthawi ya 6 koloko madzulo, anene mphoto ndendende ndi kuchuluka kwake, njira yosankhira wowina, masiku amene wowina ali nawo kuti ayankhe asanalowedwe mmalo ndi wina, ndi kuti okonza mpikisano, abale awo ndi amene amagona nawo chipinda chimodzi saloledwa kulowa. Ili lomalizali limapweteka chifukwa mwina mnzanu wa pamtima ndi amene akufunikadi SSD imeneyo, koma Zomba ndi yaing'ono, aliyense amadziwa kuti uyu amayenda ndi uyu, akangowina roommate wa admin palibe amene angakhulupirire kuti ndi mwayi chabe ngakhale zitakhala zoona.

Musalipiritse anthu kuti alowe, ngakhale K500. Mukangoyamba kutolera ndalama kuti munthu apeze mwayi wowina mwalowa mu nkhani ya lotale, ndipo zimenezo zili ndi eni ake, Malawi Gaming and Lotteries Authority, amene amayang'anira za juga ndi mipikisano yamtunduwu. Ngati mpikisano wanu ndi waukulu kapena ukuchitika mu dzina la kampani yotsatsa malonda, afunseni kaye iwowo musanayambe.

Njira yolowera ndiyo imasankha mtundu wa anthu amene abwere. Mukati laikani tsamba, sheyani, tagani anzanu asanu, mubweretsa chikhamu cha anthu amene sanatsegulepo terminal, kawindo kolembamo ma command, wowina adzagulitsa SSD ija pa msika tsiku lomwelo ndipo ma like aja adzakhala a anthu osawerenga zimene mumalemba. Kuwonjezera apo malamulo a Facebook enieniwo salola kuti kusheya pa timeline kapena kutaga anzako kukhale njira yolowera mpikisano, ndipo amafuna mulembe poyera kuti Facebook sikukhudzidwa ndi mpikisanowo. Chimene ndimachiona chabwino ndi kupempha kanthu kakang'ono kosonyeza kuti munthuyo amalembadi khodi kapena akuphunzira, monga linki ya GitHub yake, tsamba limene amasungirapo khodi, ndi ziganizo ziwiri zofotokoza chimene akupanga ndi mmene mphotoyo imuthandizire, kapena kafunso kosavuta koti woyamba kumene atha kukayankha atalimbikira ola limodzi. Musakhwimitse kwambiri, mukatero awina omwe aja ali kale ndi zonse, ndipo atsikana ndi anyamata a chaka choyamba amene amaopa kale kulankhula mu gulupu adzangoonerera.

Ena amakonda kunena kuti lowani potumiza pull request, pempho loti khodi yanu ilandiridwe, ku project yathu. Zimatheka koma kumbukirani zimene zinachitika pa Hacktoberfest, chochitika cha pachaka cholimbikitsa anthu kuthandiza ma project a khodi yotseguka kwa onse, mu October 2020, pamene anthu ofuna T-shirt yaulere anadzaza ma project a eni ake ndi ma pull request opanda pake, kungosintha liwu limodzi mu README, fayilo yofotokoza project, mpaka okonza anasintha malamulo kuti project izilowa pokhapokha mwini wake atavomera. Ndiye ngati mukufuna njira imeneyi ikhale repo yanu, kutanthauza project yanuyanu pa GitHub, ma issue, ntchito zoti anthu agwire, muwalembe nokha, ndipo munene kuti yowerengedwa ndi imene yalandiridwa basi, ndiponso mukhale ndi anthu awiri kapena atatu oti aziwerenga chifukwa usiku womaliza zimabwera zonse pakamodzi.

Mayina atoleni pa Google Forms osati mu makomenti, makomenti amasowa, ena amafufutidwa, ena Facebook imawabisa. Fomu ikhale yopepuka yoti itseguke ngakhale netiweki ili ya ku Jali kapena ku Mayaka, dzina, nambala ya foni, linki ya GitHub, yankho lija, basi, musafunse nambala ya chiphaso kapena tsiku lobadwa pa chinthu chosafunika zimenezo. Tsegulani setting ya fomu yoti munthu ayankhe kamodzi kokha, koma dziwani kuti imangoletsa akaunti imodzi ya Google kuyankha kawiri, munthu wa ma Gmail anayi adutsabe. Ndiye mukatseka khalani pansi ndi sheet ya mayankho a fomuyo, sanjani ndi nambala za foni, yang'anani ma GitHub amene atsegulidwa dzulo lomweli opanda kanthu mkati, mayankho ofanana liwu ndi liwu, ndipo amene mwawachotsa muwauze chifukwa chake mwaulemu ku inibokosi, osawayalutsa pagulu. Woyamba kumene amene watsegula GitHub chifukwa cha mpikisano wanu si wakuba ayi, ameneyo ndi phindu lanu, mumuzindikira ndi yankho lake kuti ndi lochokera mmutu mwake.

Nthawi sabata imodzi kapena ziwiri zakwana, mukatalikitsa anthu amaiwala. Pewani nthawi ya mayeso ndi nthawi imene sukulu yatsekera anthu ali kumudzi kopanda netiweki. Kumbutsani pakati kamodzi ndi tsiku lomaliza, osati tsiku lililonse mpaka anthu kuyika gulupu pa mute.

Tafika pa maere, ndipo apa ndikupemphani anzanga muikepo mtima wonse. Kungolemba kuti tachita maere wawina ndi uje, ngakhale mutachita mwachilungamo chotani, wina adzati zinali zokonzeratu, ndipo simungamutsutse chifukwa palibe anaona. Anthu anu ndi ma developer, apatseni njira yoti atsimikize okha. Kutatsala tsiku limodzi kuti maere achitike tulutsani mndandanda wa onse olowa, aliyense ndi nambala yake, 1 mpaka womaliza, mayina a GitHub okha osaika nambala za foni, ndipo nenani kuti amene sakudziona pa mndandanda alankhule lisanafike ola lakuti. Ola limenelo likadutsa fayiloyo iikeni pa GitHub kuti nthawi imene yaikidwa ioneke ndipo isakhudzidwenso. Kapulogalamu kosankhira nako kaikeni pomwepo aliyense akawerenge, ndi mizere yochepa chabe ya Python:

import random
mayina = open("olowa.txt").read().splitlines()
random.seed(nambala)
print(random.sample(mayina, 3))

Chinsinsi chonse chili pa nambala ya seed ija, imene Python imayambirapo posankha mwamaere. Python ukaipatsa seed yomweyo ndi mndandanda womwewo imatulutsa mayina omwewo nthawi zonse, kutanthauza kuti aliyense atha kukayendetsa pa laputopu yake kunyumba nkupeza zomwe munapeza inu, bola munene version ya Python imene mwagwiritsa ntchito kuti pasakhale kusiyana. Koma ndiye seed isachokere kwa inu, chifukwa mutha kuyesa manambala usiku wonse mpaka mutapeza yotulutsa mnzanu. Maerewo muwaonetse live pa intaneti ndipo seed ichokere kwa anthu pa nthawi ya live pomwepo, mwachitsanzo anthu atatu osiyana amene sali mu komiti alembe aliyense nambala ya madijiti anayi pa kapepala osaonetsana, mapepalawo atsegulidwe pamaso pa kamera, muwalumikize motsatana ikhale nambala imodzi yaitali, muilembe pa bolodi kapena mu komenti kenako muyendetse kamodzi kokha. Kamodzi. Dzina loyamba ndiye wowina, awiri enawo ndi odikirira ngati woyamba sapezeka kapena wapezeka kuti anaphwanya malamulo, ndipo izi zinenedwe maere asanachitike.

Ngati Python yakuchulukirani tsamba lochitira maere la random.org lilipo, ngakhale mapepala mu chidebe amagwira ntchito bwinobwino, bola chidebecho chionetsedwe chopanda kanthu poyamba, mapepala akhale ofanana kukula ndi kapindidwe, ndipo wotola akhale munthu wongodutsa. Chimene sindingakulimbikitseni ndi RAND, fomula yotulutsa manambala amwamwayi mu sheet, chifukwa imasintha nthawi iliyonse mukakhudza selo ndiye munthu akhoza kunena kuti munadina mpaka zitakukomerani.

Live yake ikonzekereni ngati magetsi azima, chifukwa atha kuzima. Laputopu ikhale yodzaza, foni yojambulira ikhale ndi bandulo yake payokha, foni ina ijambule vidiyo wamba pambali kuti live ikaduka umboni ukhalepo muutumize pambuyo. Kamera ione sikirini ndi manja a woyendetsa nthawi yonse osadula. Ngati mungathe chitirani pamalo poti anthu khumi kapena kuposa abwere aone ndi maso, kalasi yopanda anthu kapena pakhonde pa shopu ya sponsor, zimakoma kuposa munthu mmodzi ali yekha kuchipinda. Mphindi khumi zakwana, musayambe ndi zolankhula zambirimbiri anthu bandulo ikuwathera.

Chinthu china choti muchenjeze anthu kuyambira tsiku loyamba ndi akuba a pa foni. Mpikisano ukangotchuka pamabadwa tsamba lina la dzina ngati lanu ndi chithunzi chanu chomwe, nkumalembera anthu kuti mwawina tumizani K5,000 ya transport pa Mpamba kapena Airtel Money, kapena tiuzeni manambala amene abwera pa foni yanu, amene ndi aja olowera mu WhatsApp ya munthu. Lembani mu malamulo, pa poster ndi pa fomu kuti sitidzapempha ndalama, PIN kapena manambala aliwonse, wowina adzalengezedwa pa live ndipo adzaimbiridwa ndi nambala imodzi yokha iyi. Ichi ndi chifukwa chinanso chosalolera anthu kulemba nambala zawo mu makomenti, akubawo amakatola pomwepo.

Wowina akadziwika muimbireni tsiku lomwelo. Ngati ndi kuponi ya layisensi musaitumize mu gulupu kapena kuionetsa pa sikirini nthawi ya live, wina aiwombola musanamalize kulankhula, itumizeni kwa iye yekha ndipo mukhale naye pa foni mpaka aone kuti yalowa mu akaunti yake. Ngati ndi SSD kapena RAM musangomupatsa mu jumbo, pezani wodziwa amuikire, amusamutsire mafayilo ake kapena amuikire Windows kapena Ubuntu mwatsopano atasunga kaye ma project ake pa GitHub ndi pa flash, chifukwa ambiri sanatsegulepo laputopu ndipo kachingwe ka keyboard kamaduka mosavuta. Wa kutali monga ku Domasi, Thondwe kapena Namadzi gwirizanani tsiku loti abwere mtauni, ndipo ndalama ya minibasi muiwerengere mu bajeti kuyambira pachiyambi kuti mphoto isamudyere ndalama. Chithunzi mujambule ngati iye wavomera, ena safuna nkhope yawo pa Facebook ndipo ndi ufulu wawo, dzina la GitHub lokha likwana.

Amene sanawine musawasiye chimanjamanja, atumizireni uthenga umodzi wothokoza wokhala ndi malinki a zaulere zija za ophunzira ndi tsiku limene mukumanenso. Koma uthengawo ukhale umodzi, ndipo sheet ya manambala ija musaipereke kwa sponsor kapena kuyamba kuitsatsira malonda anu, anthu anakupatsani nambala zawo chifukwa cha mpikisano basi, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024 loteteza zinthu ngati zimenezi. Ofuna kumalandira nkhani za gulu muwafunse padera pa fomu ndi kabokosi koti achonge okha. Mphoto ikafika kwa mwini wake ndipo masiku odandaula atha, fufutani manambala a foni onse mu sheet ndi mu ma foni a komiti, pa GitHub patsale mndandanda wa mayina, kapulogalamu kaja, seed ndi linki ya vidiyo ya maere.